Zidebe za Atsikana a Fomu 4

Lolemba, 6 Meyi

Mutu ukuwawa kuyambira masana. Bungwe lathu linandituma kusekondale yoyendera ija, kuseri kwa msika wa ku Old Town, kuti ndikalimbikitse atsikana a Fomu 4 mayeso asanafike. Ndinalawira, mapepala onse m'dongosolo. M'kalasi anyamata okhaokha, aphunzitsi ali pabolodi ndi masamu.

Atsikana ndinawapeza pamjigo. Mzere wa zidebe, mayunifolomu onyowa. Mipope ya pasukulupo imauma kawirikawiri, ndiye iwo ndi amene amatunga madzi okolopera ndi a kuzimbudzi. Pobwerako masamu atha.

Mmodzi, Eveless, amawerenga buku podikira mzere. Akufuna uinjiniya. Anati, "Madamu, za magirafu zonse zinandidutsa. Ndimakopera kwa anyamata, akafuna kundibwereka."

Nkhani yanga ya kudzidalira ndinaibweza m'chikwama.

Lachinayi, 9 Meyi

Kwa a hedi, bambo Chimphonda. Tiyi, ulemu wambiri. Ndinapempha kuti anyamata azitunga nawo. Anaseka. "Mayi Msiska, mnyamata woti ndevu zayamba asenze chidebe pamutu? Makolo andithamangitsa pano." Ndinati ndiye masamu akhale masana. Akuti masamu amafuna m'mawa, mutu usanatope.

Ndinafunsa kuti mutu wa ndani. Anangondithirira tiyi wina.

Mtengo wa petulo wakweranso. BP yakweranso.

Lamulungu, 12 Meyi

Bambo Chimphonda ndi mkulu wampingo kwathu. Lero ndi iwo anawerenga mawu. Potuluka anagwira chanza cha mwamuna wanga Felton nthawi yaitali, ine anangondigwedezera mutu.

M'galimoto Felton anati, "Amayi a Chigomezgo, timapemphera nawo anthu amenewa. Apezereni thanki, nkhani ithe." Zoona zake, maganizowo anandisangalatsa. Thanki sikangana ndi munthu.

Lachitatu, 29 Meyi

Thanki yaikidwa. A Immaculata, bwana wanga, anavomera msanga, akuti zithunzi zake zikhala bwino. Ndinayang'ana ndekha chivundikiro, kampopi, ngakhale simenti ya pansi. Mpope ukatuluka madzi thanki izidzadza, ukauma azigwiritsa ntchito osungawo.

Pamwambo atsikana anavina, anagawa zakumwa, anatolera mabotolo. Anyamata pamipando. Ndinaona, ndinangoti tiyambe ndi madzi.

Lolemba, 3 Juni

Ndinadzera kusukulu osawauza. Mpope sunadonthe chiikireni thanki. A hedi akuti mphatso ya alendo singakhale yopanda madzi, abwera kudzaiona. Ndiye alamula atsikana kuti aziidzadzitsa ndi madzi a pamjigo.

Ena pamjigo, ena panjira, wina pamakwerero akulandira zidebe. Kale ankaphonya masamu okha. Tsopano ndi fizikisi yemwe.

Eveless anandidutsa, madzi akumutsikira m'khosi. "Thanki yanu ija sikudzadza, madamu." Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Kuofesi ku Area 2 sindinagwire ntchito. A Immaculata akuti tilembe kalata, tipemphe msonkhano kumapeto kwa mwezi. Kumapeto kwa mwezi ana akhala akunola mapensulo a mayeso. Kalata ndalemba zambiri pa moyo wanga, zaulemu, zopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Zakwana.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndachita.

Zidebe amazisunga pakhonde kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi. Ndinafika ana asanabwere. Ndinazilowetsana, ndinadzadza kumbuyo kwa galimoto, zina pampando wakutsogolo. Alonda anafunsa kuti zikupita kuti. Ndinati, "Muwauze a hedi kuti watenga ndi mayi Msiska." Ine amene sindinatengeko ngakhale cholembera cha kuofesi. Makiyi anandigwa kawiri.

Sindinachoke msanga. Ndinaima pazenera la Fomu 4. Atsikana anafika, anayang'ana pakhonde, anayang'anana, kenako analowa. Madesiki sanakwane, anyamata anazolowera kukhala motakasuka. Eveless anakhala kutsogolo penipeni, atatu desiki imodzi. Aphunzitsi anaima kaye ndi choko m'manja ngati alowa kalasi ya eni.

Masana foni. A hedi akuti uku ndi kuba, ndipo mawa apita kupolisi. Anawonjezera kuti zimbudzi zikununkha, za aphunzitsi zomwe. Ndinati anyamata ali ndi manja, aphunzitsinso ali nawo. Zidebe zibwera tsiku limene adzalengeze pamzere kuti onse azitunga mosinthana, ataweruka. Anati ndibweze kaye, tikambirana ngati akhristu. Ndinakana.

A Immaculata akuti bungwe silinandituma, ndionane nazo ndekha. Chabwino.

Felton anapeza zidebe pakapinga, nditazitsuka zonse ndi kuzivundikira mumzere. Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Lamulungu tikakhala kuti?" Ndinati pamene timakhala nthawi zonse, benchi yachitatu.

Lachitatu, 5 Juni

M'mawa. Uthenga wa Eveless, pafoni ya mayi ake: aphunzitsi alonjeza kubwereza za magirafu lero, poti theka la kalasi silinaphunzire. Theka la kalasi. Angolizindikira dzulo.

Mantha alipo, sindinama. Ndalongedza mankhwala a BP, chitupa, juzi, poti amati m'chitolokosi mumazizira. Ndavala nsapato zopanda chidendene. Zidebe ndazitsekera m'sitolo, kiyi ali m'thumba la siketi.

Galimoto yaima pageti, ikuimba hutala. Felton wasuzumira pakatani, sakunena kuti ndi ndani.

Adikire ndimalize tiyi. Pano kusukulu belu lalira kale, ndipo pamjigo palibe mtsikana ndi mmodzi yemwe.