Dzina la Chipewa pa Ntchito Yanga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija lasiya kuwawa? Nanga chifuwa cha abambo chinatha? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, ndipo sindikubisirani.

Boma likufuna kuti maofesi onse asiye mapulogalamu a kompyuta ogula aja, ayambe kugwiritsa ntchito aulere. Aulerewa ali ngati chitsime cha onse: aliyense amatunga, ndipo amene waona powonongeka amakonza, onse n'kupindula. Muofesi mwathu ndine ndakhala ndikulalikira zimenezi zaka zitatu, anzanga akundiseka kuti ndayambitsa mpingo.

Aboma atatibweretsera pulogalamu yaulere yolembera ziphaso za ana obadwa kumene, inali ndi vuto limodzi. Intaneti ikangoduka, zonse zimene kalaliki walemba zinkafufutika, azimayi n'kumadikira pabenchi ndi makanda mpaka madzulo. Ndinaikonza ine, milungu itatu yathunthu, nthawi ya nkhomaliro anzanga akudya. Koma kompyuta yanga inali itapsa, ndiye ndinkakhala pa ya msuweni wanga Chipewa, mwana wa azakhali, yemwe uja ntchito ndinamupezera ndine. Anandipatsa nambala yake yachinsinsi, iye n'kumakacheza ndi alonda kugeti.

Apa m'pamene ndinadzilasa ndekha. Mwambo wa mapulogalamuwa ndi woti chilichonse chimene chakonzedwa chimalembedwa m'kaundula, ndi dzina la mwini nambala imene walowera. Ndinkadziwa, Amayi, ndine ndinkaphunzitsa ena zimenezi! Koma tsiku limene zinatheka chimwemwe chinandichititsa khungu, ndinangotumiza osayang'ana.

Mwezi watha akuluakulu a kuunduna anawerenga kaundulayo n'kupezamo dzina la Chipewa. Amusankha kuti aziyendera maofesi kuphunzitsa anthu. Amupatsa laputopu yatsopano, galimoto ikumutenga pakhomo, ndipo mpando wake tsopano ndi wozungulira uja. Munthu woti mpaka lero pepala likakodwa m'makina osindikizira amaitana ine! Dzana anabwera atavala tayi yofiira, ine ndinangoyang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zinazake. Nsanje ikundidya, Amayi. Ngakhale katsokomoledwe kake kayamba kundinyansa.

Nditamukokera pakhonde kuti tikambirane, anaseka n'kundibwezera mawu anga omwe: "Suja unkati zaulere zilibe mwini?" Kenako anatsitsa mawu, n'kundikumbutsa kuti kubwerekana nambala yachinsinsi ndi mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo ndikaulula tipita tonse awiri. Chowawa n'choti sakunama. Iye ali ndi ana atatu, ine ndili ndi inu ndi abambo. Abwana atandipempha kuti ndimuthandize kukonza zoti akaphunzitse, ndinavomera.

Benchi ija masiku ano dzuwa likamapendeka imakhala ilibe munthu. Ndikaiona mtima umatsikako pang'ono. Koma dzulo mayi wina atalandira chiphaso anafunsa kuti mnyamata wanzeru amene anakonza pulogalamuyo ali kuti, amuthokoze, ndipo ndine ndinamulozera chitseko cha Chipewa.

Pempho langa ndi limodzi. Azakhali mukuwadziwa, abwera ndi chithunzi cha mwana wawo atavala tayi ija. Muwalandire bwino, muwayamikire, ndipo za m'kalata muno musatulutse liwu, ngakhale kwa abambo. Koma kalatayi musayatsire moto. Muisunge m'sutikesi muja muli masatifiketi anga akusukulu, chifukwa padziko lonse ndi pepala lokhali limene likunena amene anakonza pulogalamu ija.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa amalume ndi akazi awo, kwa alamu anga ndi ana onse. Azakhali nawonso muwapatse moni, poti iwo sanalakwe kanthu.

Ulendo uno ndalemba ndi bolopeni yanga, ndipo ndikusaina ndekha.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja mumati Wamakani