Chifuwa chachikulu chimene sichinali TB

Lachinayi, mwezi wa Malichi, Kitwe. Ndatopa, koma mtima uli m'malo.

Adokotala akufuna tizilemba makanda onse opuma ngati akuimba mluzu. Akuti kachirombo kake akukalondola m'maiko ambiri. Lero kukiliniki kunabwera amake Tisa ndi khanda lawo. Anati, "Asisita, chifuwa chake n'chachikulu." Kalaliki wathu, amene Chinyanja anachiphunzira m'buku, analemba TB. Mayiwo atamva anaopa kuti amuna awo akawapima n'kuwachotsa kumgodi.

Ndinamvetsera pamsana pa mwanayo, ndipo unali mluzu womwe uja. Ndinafufuta TB ndi dzanja langa. Mayiwo amangonena kuti mwanayo akutsokomola kwambiri!

Mawa ndiwauza adokotala kuti asanawerenge ana a dziko lonse, ayambe amva amayi a pano.