Akufuna Ndikatamande Mwini Zombo

Amayi, kodi kumeneko mukupezako bwanji?

Kuno ku Glasgow mvula ndi yomwe ija. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu ku Maryhill. Ndikamuyankhula Chichewa amandibwezera Chingerezi cha kuno, chomwe ngakhale ine chimandipita. Kumudzi achimwene akuti chimanga chachita bwino, ndipo alamu abereka mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu.

Koma lero ndikulemba mtima ukuwira, Amayi.

Banki yomwe ndimagwirako ntchito ikukonza mwambo wokumbukira mzungu amene anaiyambitsa kalekale. Anali wamalonda wa mpingo wa Akweka, anthu opemphera mwakachetechete. Akuti sankalumbira, inde wake anali inde, ndipo zombo zake sizinkanyamula mfuti. Anthu anayamba kumusungitsa ndalama, banki n'kubadwa.

Anandituma kuti ndilembe mbiri yake. Nditafukula makalata akale ndinapeza kuti zombozo zinkabweretsa fodya ndi shuga wolimidwa ndi akapolo. Iyeyo sanagulepo kapolo, ayi. Ankangodya thukuta lawo manja ali oyera. Paja munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bwana wanga wafufuta ndime imeneyo. Kenako akuti ineyo ndikawerenge mbiriyo pamaso pa alendo, nditavala chitenje, kuti zithunzi zikakongole. Bwana yemwe uja, Amayi, amene anandimana tchuthi pa maliro anu, eti kunali kutha kwa chaka, ntchito inali yambiri! Anakuikani m'manda ine ndikuonera pafoni m'chipinda chosungira mapepala, netiweki ikudukaduka. Ngakhale kadothi sindinaponye. Sindinamukhululukire, ndipo za kukhululuka musandiuze lero.

Ndikudziwa kuti chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chili m'manja mwa banki. Akandichotsa ntchito, ine ndi Tadala timanga katundu. Azimayi akutchalitchi kuno akuti ndingowerenga zomwe andipatsa, ndiganizire mwana. Ndayesa kangapo pagalasi, koma ndikumalekezera panjira.

Chitenje ndikavala, chanu chabuluu chomwe achimwene ananditumizira. Ndime yofufutidwayo ndailoweza. Loweruka pamwambopo ndikainena yonse, pang'onopang'ono, monga munkawerengera Baibulo kumvano. Mantha ndili nawo, sindikubisirani.

Akandithamangitsa, ndiye kuti andipatsa tchuthi chomwe anandimana. Ndikulonjeza kuti ndikangotsika basi kumudzi, ndisanamwe ndi madzi omwe, ndidzafika pamanda anu ndi khasu.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike