Khadi la Kuchipatala Si la Mwana Wanga

Aphungu,

Ndithandizeni. Ine ndi amuna anga tinabadwira pafamu kuno ku Chegutu, makolo athu ochokera ku Malawi, ndipo chitupa tilibe. Mwana wathu Danieli, wa zaka zinayi, nayenso alibe kalata ya kubadwa. Akadwala timabwereka khadi la Samueli, mwana wa mlamu wanga, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Pakomboni pano ambiri timatero.

Danieli akathamanga pang'ono amanjuta pansi, milomo n'kuda bii. Ndinkati ndi chifuwa. Kuchipatala ku Kadoma anatitumiza ku Harare, ndipo atamuunika anati anabadwa ndi bowo mumtima. Ndinangoti kukamwa yasa. Mtima n'kukhala ndi bowo?

Amulembera opaleshoni mwezi wamawa, koma pa dzina la Samueli. Adokotala anapukusa mutu: "Mayi, zaka sikisi mwana n'kuchepa chonchi? Matendawa amudya kwambiri." Bambo ake akuti, "Nyarara iwe, khala chete, ukaulula atichotsa pamzere." Nditani?

M.J., Chegutu

Mayi M.J.,

Mwandiimitsa mutu! Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndachita mantha.

Sindikukukalipirani. Khadi lobwereka linakuwolotsani pa chimfine ndi zilonda, koma mtima si chimfine. Madokotala asanagwire mpeni amayang'ana zaka za mwana, kakulidwe kake, katemera ndi matenda amene anadwalapo. Zonse zimene akuwerengazo ndi za Samueli. Mwamva nokha akudabwa ndi msinkhu wa Danieli chifukwa cha zaka ziwiri zimene alibe.

Kwerani kombi Lolemba likubwerali, musadikire tsiku logonekedwa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kauzeni adokotala omwewo dzina lenileni ndi tsiku lobadwa, mosapita m'mbali. Pemphaninso kuonana ndi wa zachisamaliro cha anthu pachipatalapo, akuthandizeni kuyamba zolembetsa mwana. Tengani khadi la ubatizo, kalata ya akufamu ndi munthu amene analipo Danieli akubadwa. Bambo akewo apite nawo, akadzimvere okha.

Sindikulonjeza kuti tsiku silisuntha. Likhoza kusuntha, ndipo zikuwawani. Koma ntchito ya dokotala ndi kuchiza, ndipo bola kuchedwa sabata ziwiri kusiyana ndi kumutsegula pachifuwa ndi mbiri ya mwana wina.

Chenjerani, mayi. Opaleshoni ikatha, anamwino amadzutsa mwana ku tulo ta mankhwala pomuitana dzina. Inu mudzakhala kunja kwa chitseko. Musalole kuti iwo adzakhale akuitana Samueli.