Ziro wa Gulu Lachitatu

ZOKAMBIRANA ZA KOMITI YOYANG'ANIRA MAKOMPYUTA A KAFUKUFUKU

Tsiku: Lachiwiri, pa 14 Meyi
Malo: Chipinda cha misonkhano, choyandikana ndi chipinda cha makina
Analipo: Wapampando, Mayi Dokotala, a Injiniya, a Magetsi ndi Mlembi
Sanabwere: a Makiyi, mkulu wa chitetezo, amene anapuma pa ntchito mu Januwale koma dzina lawo likadali pa ndandanda

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9:20 m'mawa. Anapempha kuti mazenera atsegulidwe chifukwa m'chipindamo munkatentha.

2. Kalata yochokera kulikulu

Wapampando anawerenga kalata yonena kuti mwa magulu athu atatu a makompyuta otsekeredwa, Gulu Lachitatu lizimitsidwa Lachisanu lino. Zonse za m'katimo zifufutidwa ndipo makinawo apita ku nthambi ina. Likulu likuti malipoti athu a Febuluwale, Malichi ndi Epulo akuonetsa kuti ntchito ya gululi ndi ziro.

Mayi Dokotala anaimirira asanapatsidwe mpata. Anati gululi lakhala likusanthula zotsatira za odwala chifuwa chachikulu okwana 4,000 kwa miyezi isanu ndi iwiri osapuma, ndipo kwatsala masabata asanu kuti litsirize. Kutolera zotsatirazo kunawatengera zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka anati, "Ziro wake utiyo? Bambo Wapampando, tagwirani khomalo."

Wapampando sanagwire. A Magetsi anagwira, ndipo anati khomalo likutentha ngati simbi, makina ogona satentha chonchi.

3. Kumene ziro anachokera

A Injiniya anafotokoza kuti m'chipinda cha makina simulowa munthu wamba. Manambala timawapeza kudzera pa khomo limene iwo amalitcha API. Pulogalamu yathu imagogoda pamenepo tsiku ndi tsiku, kuonetsa kiyi wachinsinsi, n'kufunsa kuti makina agwira ntchito yochuluka bwanji. Kiyi wa Gulu Lachitatu anatha mphamvu pa 31 Januwale. Kuyambira tsikulo khomo lakhala likukana, ndipo pulogalamu ikakanidwa imangolemba ziro.

Mayi Dokotala anafunsa amene anailemba motero. A Injiniya anati ndi iwo, zaka zinayi zapitazo, chifukwa Wapampando sankafuna mabokosi opanda kanthu mu lipoti. Wapampando anati sakukumbukira. A Injiniya anati, "Bwana, munati zikuoneka ngati mano oguluka." Wapampando analamula kuti mawuwa asalembedwe. Mlembi anali atalemba kale.

Mlembi anapemphedwa kuwerenga zokambirana za miyezi itatuyo. Katatu konse palembedwa kuti, "Komiti inalandira lipoti popanda funso." Mlembi anakumbutsa komiti za chizolowezi chathu choyang'ana mizere yofiira yokha, ya makina olemedwa. Ziro ankatuluka wobiriwira. Mu Malichi, amene anavomereza kuti lipoti lilandiridwe anali Mayi Dokotala eni ake. Atamva izi anakhala pansi. Mlembi anawerenga mzerewo ndi manyazi, pakuti dzanja limene linaulemba ndi lake.

4. Zoyenera kuchita

A Magetsi anati tilembere kulikulu, titumize ndi manambala a mita ya magetsi. Wapampando anati anaimba kale foni dzulo, ndipo anayankhidwa kuti likulu limakhulupirira manambala a API okha, chifukwa pa nkhani ya makina nthambi iliyonse imalira.

Mayi Dokotala anati ndiye tikonze kiyi lero, titenge manambala enieniwo. A Injiniya anati kiyi watsopano amafuna zidindo za zala za anthu awiri, zawo ndi za mkulu wa chitetezo. Zidindo za zala za a Makiyi zinachotsedwa m'makina tsiku limene tinawatsanzika. Wolowa m'malo mwawo adzasankhidwa ndi likulu pa 3 Juni.

A Injiniya anawonjezera, mawu ali pansi, kuti ngakhale kiyi atapezeka, makina amasunga mbiri ya masiku makumi atatu okha. Ya Febuluwale ndi Malichi inapita kalekale.

Mlembi anafunsa ngati ntchito ya Mayi Dokotala ingasamutsidwire ku Gulu Lachiwiri. Mayi Dokotala anayankha kuti zotsatira za odwala sizituluka m'gulu lotsekeredwa popanda chilolezo cholembedwa, chomwe chimatenga miyezi iwiri. Anati, "Lamulo limenelo ndinalimenyera ndekha, achimwene. Ndinalonjeza anthu aja kuti mayina awo sadzayendayenda. Ena mwa iwo tinawaika kale m'manda."

M'chipindamo munkangomveka kulira kwa makina kuseri kwa khoma.

Chogwirizana: Wapampando alembe kalata yodandaula. Palibe amene ananena kuti ithandiza.

5. Zina ndi zina

A Injiniya anati akonza pulogalamu kuti ikakanidwa izilemba "sizikudziwika". Mayi Dokotala anati zikomo, koma sanawayang'ane.

A Magetsi anati lamulo lozimitsa lafika kwa iwo, ndipo anafunsa ngati pangapezeke wina wokadina batanilo. Anati zaka zisanu ndi zinayi akhala akupukuta fumbi m'makina amenewo, mtima ukuwawawa. Sanapezeke wina.

Mayi Dokotala anapempha kuti Lachisanu aloledwe kuima pakhomo la chipinda cha makina. Komiti inalola.

Wapampando anafunsa chimene tidzalembe pa Gulu Lachitatu mu lipoti la mwezi wamawa, popeza likulu silikonda manambala osinthasintha. A Injiniya anati asavutike, adzalemba ziro yemweyo, ndipo ulendo uno adzakhala woona.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 11 Juni, malo omwewa. A Magetsi anati tsikulo sipadzafunikanso kutsegula mazenera. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 10:45 m'mawa.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________