Chala changa chafufutika

Mwaghona, amayi. Kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Tupokiwe, mwana wanu womaliza. Akundilembera ndi mdzukulu wanga Tusayiwe, simunamuone, nayenso ndi mayi tsopano, wabereka mtsikana mwezi wathawu. Akulemba m'Chichewa poti ndicho anaphunzira kusukulu. Munkachimva movutika, koma mudzimvere choncho.

Kuno ku Misuku kukuzizira. Khofi wapsa bwino, nthochi zokha ndiye zadwala.

Mpongozi wanu, bambo a ana anga, anakutsatani zaka zitatu zapitazo. Mwina mwakumana. Paja tsiku lomwe anabweretsa ng'ombe munandiuza kuti msilikali ndi mwamuna wa boma, ine ndangobwereka. Ndinakwiya, amayi. Koma simunaname. Unyamata wawo wonse unathera kunja kwa nyumba, kulondera njanji m'dziko la eni, kunyamula zikwama za akuluakulu. Anyamata omwe ankawaphunzitsa kugwira mfuti anakwera n'kumawalamula, poti iwo sukulu analekezera panjira. Boma linandibwezera munthu wopanda nyota ya udindo ngakhale imodzi, mawondo otupa, khutu limodzi logontha, ndi jombo ziwiri.

Atamwalira, kapenshoni kawo kanagwera ine. N'kochepa, koma mchere, sopo ndi mankhwala a mtima wangawu zimachokera pomwepo.

Tsono chaka chino kunabwera uthenga kuti onse olandira tikaonekere kuboma, aone ngati tili moyo. Ndinakwera lole, msewu mukuudziwa. Tinalipo ambiri pamzere, amasiye ndi nkhalamba za ndodo, wina atavala mendulo pajekete yong'ambika. Nditafika kutsogolo anati ndiike chala chachikulu pakagalasi ka makina. Ndinaika. Makina duu. Ndinapukuta pachitenje, ndinaikanso. Duu. Anayesa zala zonse khumi. Akuti mizere yanga inafufutika, makina sakundiona.

Amayi, ikanaleka bwanji kufufutika? Khasu munandigwiritsa ndinu ndisanamere mabere. Khofi yense amene anaphunzitsa ana, bambo awo ali kunkhondo, anadutsa pazala zomwezi.

Ndinati mwana wanga, ndine pano, ndikupuma, ndigwire. Mtsikana wa pamakinayo sanali wamwano ayi, anachita manyazi. Koma akuti amene makina amukana amalembedwa pamodzi ndi akufa, ndipo penshoni imaima. Yaimadi. Anandilangiza kuti ndipumitse manja mwezi wathunthu, ndizidzola mafuta, mwina mizere ibwerera, ndikayesenso.

Mwezi wathunthu, khofi ali psuu m'mitengo! Ndikapumitsa manja, khofiyo ayoyoka. Ndikathyola, ndikhalabe wakufa. Tusayiwe ali ndi khanda, amuna ake ali ku Tunduma. Mankhwala anatha Lachiwiri.

Munkati dzanja lopuma limadya dzanja linzake. Ndiye ndachita zomwezo. Lamanja ndalimanga nsanza, likungokhala pamwendo ngati bwana. Lamanzere likuthyola lokha, theka akugwa pansi.

Mukawaona bambo a ana, musawauze. Ankanyadira kuti andisiyira kanthu.

Ndipo akaitana dzina langa kumeneko, poti kuno andilemba kale, muwauze kuti sanafike, akuthyola khofi. Musandiyalire mphasa msanga.

Ndatopa, mtima ukugunda m'khosi, Tusayiwenso mwana akulira. Ndikagone kaye. Khofi akatha ndibwera kudzazula udzu pamanda panu, ndi dzanja lamanzere.

Ndine wanu wokukondani,
Tupokiwe