Siki ya Lachinayi

Lolemba, 9 Juni
Aimba foni. Intaviyu Lachinayi m'mawa, kukampani ya inshuwalansi ija. Mtima phaphapha. Vuto ndi bwana wathu, a Wotchi, dzina lomwe tinawapatsa poti maso awo sachoka pa nthawi. Tchuthi sapereka. Ukapempha kupita kumaliro amafunsa kuti mwambo utha nthawi yanji.
Ndanong'oneza Kachizungu wa ku akaunti. Akuti, "Asisi, ingopulani siki." Ndimayesa ndi dzina la mankhwala. Akuti ndi Chingerezi cha m'maofesi, kudwala pakamwa thupi lili gwa. Ine mlembi wa kwaya, bodza. Koma malipiro a pano amathera lendi ndi basi.

Lachiwiri, 10 Juni
Maphunziro pa nthawi ya nkhomaliro. Kachizungu akuti siki amafesa dzulo lake, sadzidzimukira. Mutu ayi, angokupatsa mapilisi. Malungo ayi, afuna pepala la kuchipatala. M'mimba ndiye mwini bwalo, palibe bwana amafuna kumva tsatanetsatane.
Ndayeserera nkhope pagalasi. Bambo a kunyumba akuti ndikuoneka ngati ndikufuna kuyetsemula.

Lachitatu, 11 Juni
Ndafesa. Dzanja pamimba, kuchimbudzi pafupipafupi, tiyi ndakana njala ikundipweteka. Amesenjala andiimitsa pakhonde n'kundipempherera mokweza. Manyazi.
A Wotchi sanandiyang'ane n'komwe. Tsiku lonse kutsokomola mu ofesi mwawo, chifuwa chouma, choipa. Ndawamvera chisoni.

Lachinayi, 12 Juni
Uthenga kwa bwana ndatumiza ndili chigonere, kuti mwina bodza lichepeko. Sanayankhe. Suti ya alamu, nsapato zothina.
Kumeneko, benchi lalitali la odikira. Kumapeto kwake bambo wa tayi yofiira, envelopu pamiyendo. A Wotchi.
Malo okhala anatsala amodzi. Pambali pawo.
Ine maso pansapato, iwo pakhoma. Thukuta mpaka m'mawondo. Ndinayamba kale kuganiza zokauza ana ntchito ikatha. Kenaka iwo, motsitsa mawu: "M'mimba muli bwanji, mayi?" Ndinati mukusintha, bwana, nanga chifuwa? Akuti chikupita. M'mawa wonse osatsokomola ngakhale kamodzi.
Iwo amafuna umanijala, ine ukalaliki. Zomwe ndayankha m'kati muja sindikukumbuka. M'mimba munayambadi kuwira.

Lachisanu, 13 Juni
Tonse pantchito, tachira. Amesenjala akuuza aliyense kuti pemphero lawo silibwera chabe. Kachizungu akufuna nkhani, ndangoti zinayenda. Pakamwa pakuyabwa, koma chinsinsi chawo ndi changa chagona mphasa imodzi.
A Wotchi podutsa pa desiki panga atsokomola kamodzi, kaulemu. Ine ndagwira pamimba. Moni wathu watsopano.

Lachitatu, 25 Juni
Andikana. Suti ndabweza. Ndalira pang'ono m'chimbudzi, amesenjala amayesa matenda abwerera.

Lolemba, 30 Juni
A Wotchi awatenga ku inshuwalansi. Alengeza m'mawa, ofesi yonse nkhope zachisoni, mapazi akuvina pansi pa madesiki.
Masana andiitana, atseka chitseko. Akuti a inshuwalansi aja, ataona kuti tikuchokera kumodzi, anawafunsa za ine. "Ndinawauza kuti ntchito mumaitha, koma mumavutika m'mimba." Ayankhula osaphethira. Akuti sakanayamba moyo watsopano ndi mboni pakhomo.
Ndinaimirira kuti ndiwauze mawu omwe mlembi wa kwaya sayenera kuwadziwa. Iwo n'kukankha makiyi patebulo. Akuti eni kampani yathu avomera kuti ndigwirizire mpando wa a Wotchi, iwo anakawapempha okha.
Kuwagenda nawo kapena kuthokoza. Ndapinda bondo, ndathokoza.
Potuluka ndapeza onse ali zii, akundiyang'ana m'manja. Mmodzi wabisa foni pansi pa faelo. Ndayang'ana nthawi pakhoma, sindikudziwa chifukwa chake.